Kamphindi ka mphaka, tsiku lonse la munthu: nkhani ya minofu

Amene anasendapo mbuzi akuidziwa nkhaniyi ndi manja ake, ngakhale mwina sanaiganizirepo. Mwendo wakumbuyo umavuta kuchotsa. Umafufuza ndi nsonga ya mpeni mpaka upeze pamene mutu wa fupa la ntchafu walowa m'kachibowo ka fupa la chiuno, udule kamtsempha kolimba kali m'katimo, kenako upotokole mpaka uguluke. Wakutsogolo ulibe zonsezo. Ukaukokera kunja n'kuyendetsa mpeni pakati pa phewa ndi nthiti, umangochoka wonse, mpeni osagunda fupa n'limodzi lomwe. Chimene chinkaugwira ku thupi ndi nyama basi.

Mphaka nayenso ali choncho, ndipo kusiyana kwa thupi lake ndi lathu kumayambira pomwepa. Chifuwa cha mphaka chimalendewera pa minofu pakati pa miyendo iwiri yakutsogolo, ngati munthu wonyamulidwa pa machila. Ife tinasanjikizana pa mafupa, mutu pa msana, msana pa chiuno, chiuno pa miyendo, ngati njerwa za chipilala.

Mukatenga mndandanda wa minofu ya mphaka n'kuuika pambali pa wa munthu, mayina ambiri ndi omwewo: biceps, triceps, latissimus dorsi, gastrocnemius. Munthu ali ndi minofu yopitirira 600, mphaka yopitirira 500, ndipo chiwerengero chenicheni chimadalira kuti wowerengayo akudula malire pati. Kufanana kumeneku n'kumene kwachititsa kuti kwa zaka zambiri makoleji a ku America aziphunzitsa anamwino thupi la munthu powapatsa mphaka wakufa kuti amutumbule. Katundu ndi mmodzi. Chasiyana ndi kagawidwe kake: uwu wakula, uwu wachepa, uwu wagawika patatu, uwu wasoweratu. Ndipo chagawa katunduyo ndi ntchito. Moyo wa mphaka uli pa masekondi ochepa amene amambwandira khoswe. Wa munthu uli pa kuima, kuyenda, kusenza ndi kugwira zinthu kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Tigwirizane kaye mawu awiri, poti m'Chichewa liwu loti mtsempha timatchulira zinthu zingapo. Pano ndikati mtsempha ndikunena chingwe choyera cholimba chimene chimamanga mnofu ku fupa, chija chimakanika kutafunika m'ndiwo za nyama. Ndikati minyewa ndikunena timaulusi totenga mauthenga kuchoka ku ubongo ndi m'fupa la msana kupita ku mnofu. Komanso mnofu sukankha, umangokoka. N'chifukwa chake minofu imagwira ntchito iwiriiwiri, wina wopinda chigongono, wina wochiwongola.

Phewa lopanda mtanda

Gwirani m'munsi mwa khosi lanu. Mupezapo fupa lopingasa, lochoka pakati pa chifuwa kukafika pansonga ya phewa. Madokotala amalitchula kuti clavicle. Limagwira ntchito ya mtanda: limakankhira phewa kunja kuti mkono ukhale patali ndi nthiti, uzitha kuzungulira mbali zonse. Popanda fupa limeneli sitikanatha kugenda mwala, kukweza khasu pamwamba pa mutu, kapena kuchirikiza ndowa ili pankhata. Koma lili ndi mtengo wake. Munthu akagwa n'kutsamira dzanja, mphamvu yonse ya kugwako imakwera mkono n'kukathera pafupa lomwelo, ndipo ndi limodzi mwa mafupa amene amathyoka kawirikawiri, makamaka kwa okwera njinga.

Mphaka ali nalo fupali, koma ndi kafupa kakang'ono kopindika, kosalumikizana ndi fupa lina lililonse, kongoyandama m'kati mwa mnofu wochoka kumutu kupita kumwendo. Ntchito yogwira mwendo ku thupi inatengedwa ndi minofu, makamaka umene amautchula serratus ventralis, wotambasuka ngati zala za dzanja kuchoka ku fupa lophwatalala la phewa kukagwira nthiti ndi mafupa a khosi. Ife tili nawo mnofu womwewu, koma kwathu ntchito yake yaikulu n'kugwira fupa la phewa kuti lisatukuke pa nthiti tikamakankha chinthu. Kwa mphaka ndiwo umanyamula thupi.

Phindu lake limaoneka poyera. Mphaka akatsika padenga la nkhokwe n'kuterera miyendo yakutsogolo, kugundako sikupita kuchoka pa fupa kulowa pa fupa linzake. Minofu imatamuka pang'ono n'kumeza mphamvuyo, ndiye mumangomva kuti "phu", osati "khu". Akamathamanga, fupa la phewa limaseweranso kutsogolo ndi kumbuyo pa nthiti ngati gawo lina la mwendo, zimene zimatalikitsa sitepe iliyonse. Mukamuona akuwendera njiwa pabwalo, mimba ili pafupi ndi nthaka, yang'anani pamsana pake: mapewa amatukuka mosinthanasinthana pamwamba pa msana, ili likakwera, ilo latsika. Munthu sangachite zimenezo. Ndipo poti palibe mtanda wotanyula mapewa, chifuwa chake n'chopanikizika m'mbali, n'chifukwa chake amadutsa pakampata ka mpanda pamene mutu wake wakwana. Mphaka wonenepa wa m'tauni, mutu umadutsa ndithu, koma mimba ndiyo imamukaniza.

Minofu yoyendetsa phewa loseweralo inagawikana. Kumsana kwathu kuli mnofu umodzi waukulu, trapezius, uja umauma tikakhalitsa pa kompyuta. Mphaka ali nayo itatu. Mnofu wozungulira phewa, deltoid, pamene anamwino amabayapo katemera, kwathu ndi umodzi, kwa mphaka itatunso. Pachifuwa ife tili ndi iwiri, iye inayi, kuphatikizapo pectoantebrachialis ndi xiphihumeralis imene ife tilibe. Choseketsa n'chakuti umene umatchedwa pectoralis minor, kutanthauza wamng'ono, kwa mphaka ndiwo waukulu kuposa pectoralis major. Mayinawo anaperekedwa poyang'ana munthu, mphaka anangowabwereka.

Msana ndi miyendo yakumbuyo

Khosi la mphaka lili ndi mafupa 7 ngati lathu, ngati la nyamalikiti. Kusiyana kumayambira pansi pake. Mafupa a msana onyamula nthiti, ife tili nawo 12, mphaka 13. A m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, ife 5, iye 7, ndiponso ake ndi ataliatali. Mbali imeneyi ndiyo injini yake yachiwiri, kuwonjezera pa miyendo yakumbuyo. Akamathamanga ndi liwiro lonse, minofu ya pamimba ndi ya kunsi kwa msana imapinda thupi ngati uta mpaka mapazi akumbuyo kupitirira pamene akutsogolo anaponda, kenako minofu italiitali ya pamwamba pa msana imauwongola mwamphamvu n'kumuponya kutsogolo. Minofu yomweyo kwa munthu inasanduka zingwe zogwira mlongoti kuti usagwe. Imagwira ntchito pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo kulemera konse kwa thupi la kumtunda kumathera pa mafupa asanu aja. Amene anawerama m'munda kuyambira m'mawa akudziwa pamene pamawawa madzulo.

Tsopano yang'anani mwendo wakumbuyo wa mphaka ataima. Pali mfundo yoloza kumbuyo imene ambiri amaiyesa bondo lotembenuka. Si bondo limenelo, ndi chidendene. Bondo lenileni lili m'mwamba, pafupi ndi mimba, ndipo limaloza kutsogolo ngati lathu. Mphaka amayendera zala moyo wake wonse, phazi lonse lili m'malere. Akakhala pansi tsonga m'pamene chidendene chimagunda nthaka. Phazi lalitalilo ndi ndodo yowonjezera: mnofu wa katumba ukakoka fupa la chidendene pang'ono chabe, nsonga ya phazi imayenda mtunda wautali mofulumira.

Mnofu waukulu kwambiri m'thupi la munthu ndi wa matako, gluteus maximus. Umawongola thupi pa chiuno tikamadzuka pampando, tikamakwera phiri, tikamathamanga. Kwa mphaka mnofu umenewu ndi wochepa, wopepuka, ndipo umaposedwa ndi mnzake gluteus medius. N'chifukwa chake mphaka alibe matako oti n'kuwatchula. Mphamvu yake ili m'ntchafu, makamaka biceps femoris, mnofu wotambalala wophimba pafupifupi mbali yonse yakunja ya ntchafu. Gluteus medius uja kwa ife anasintha ntchito. Sitepe iliyonse imene timaponda, pali kamphindi kamene thupi lonse limaima pa mwendo umodzi, ndipo mnofu umenewu ndiwo umagwira chiuno kuti chisapendekere mbali inayo. Ukafooka, munthu amayenda mopendama ngati bakha.

Asanadumphe, mphaka amanjuta n'kupinda chiuno, bondo ndi chidendene zonse pamodzi, mwina n'kugwedeza kumbuyo pang'ono poponda bwino, kenako mfundo zitatuzo ndi msana zimawongoka nthawi imodzi. Mphaka wamba amakwera mpanda wa njerwa wotalika kasanu kuposa msinkhu wake, osathamangira n'komwe.

Nyama yoyera ndi nyama yakuda

Apa m'pamene pagona nkhani, ndipo m'mbale ya nkhuku muli chitsanzo chake. Nyama ya pachifuwa cha nkhuku ndi yoyera, ya ntchafu ndi yoderapo. Nkhuku imayenda tsiku lonse koma imauluka kamodzikamodzi, kamtunda kakafupi, galu akaithamangitsa. Nyama yodera ili ndi timitsempha tambiri ta magazi ndiponso chinthu chofiira chosunga mpweya chotchedwa myoglobin. Imakoka mosafulumira koma siitopa msanga. Yoyera imakoka mwamsanga ndi mwamphamvu pogwiritsa ntchito shuga wosungidwa m'kati mwake, osadikira mpweya, ndipo imatha mphamvu m'masekondi. Chifuwa cha nkhunda n'chodera chifukwa nkhunda imauluka mtunda wautali.

Minofu ya munthu ndi ya mphaka ili ndi mitundu yonse iwiri ya ulusi wosakanikirana, koma muyezo wake ndi wosiyana. Mwa munthu, ulusi wosatopa msanga ndi pafupifupi theka kapena kuposa. M'minofu ikuluikulu ya miyendo ya mphaka, wochuluka ndi wothamanga uja. Zotsatira zake n'zakuti kanyama ka makilogalamu anayi kamafika liwiro la makilomita pafupifupi 48 pa ola. Usain Bolt, pamene ankathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, liwiro lake lapamwamba linali pakati pa makilomita 44 ndi 45 pa ola. Pusi wa pakhomo panu akhoza kumusiya. Koma muwauze kuti athamange makilomita asanu, mphaka agona pansi pa galimoto asanathe ngakhale theka la kilomita, ali wefuwefu. Mbale wake kakwiyo, amene ambiri amangomuti cheetah, uja anabwezeretsedwa kunkhalango ya Liwonde mu 2017, ndiye anafika pamapeto a njira imeneyi. Ofufuza amene anaveka zilombozi makolala oyeza liwiro ku Botswana analengeza mu 2013 liwiro la makilomita 93 pa ola, koma kuthamanga kotero kumatha m'masekondi owerengeka.

Kutentha nakonso kumalowapo. Mnofu ukamagwira ntchito umatulutsa kutentha, ndipo munthu amakutaya kudzera m'thukuta thupi lonse uku akuthamangabe. Mphaka thukuta lake lenileni limatuluka m'mapazi mokha, n'chifukwa chake wamantha amasiya timapazi tonyowa pa simenti. Ayenera kuima kuti azizire.

Ngakhale kuyenda kumene, mphaka amayenda mowononga mphamvu. Munthu ndi galu amayenda miyendo ili yowongokako, thupi limakwera pang'ono n'kugwera kutsogolo pa sitepe iliyonse, ndiye mphamvu yambiri imabwezedwa yokha. Ofufuza a ku Duke University anapeza mu 2008 kuti galu amabweza mpaka pafupifupi 70 pa 100 ya mphamvu imeneyi, pamene amphaka amene anawayeza sanafike 40 pa 100, ndipo akamanyang'ama moŵerama kwambiri imatsikiratu. Minofu imanyamula thupi pa miyendo yopindika, imalipira mtengo kuti thupi liziyenda myaa, mutu osagwedezeka, phazi lakumbuyo likuponda ndendende pamene lakutsogolo lachoka. Kuyenda kwa zii kumene ena amakunamizira ufiti usiku ndi mphamvu imene mphaka wagula ndi kugona maola 12 mpaka 16 pa tsiku.

Zambiri zimene ophunzira udokotala amaloweza zokhudza mmene minyewa imalamulira minofu zinapezeka pa amphaka, ndipo kunena zoona amphakawo sanaone zabwino. Charles Sherrington, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1932, anaonetsa pa amphaka kuti mnofu wina ukamakoka, minyewa ya m'fupa la msana imalamula mnzake wotsutsana nawo kuti amasuke. Mu 1911 Thomas Graham Brown anaonetsa kuti m'fupa la msana mwenimwenimo muli dongosolo lotha kusinthanitsa miyendo ngati poyenda popanda ubongo kulamula sitepe iliyonse, ndipo ntchito yophunzitsanso kuyenda anthu ovulala msana imatsamira pa mfundo imeneyi. Mu 1965 Elwood Henneman wa ku yunivesite ya Harvard anafotokoza kuti thupi limayamba kuitana timagulu ting'onoting'ono ta ulusi wosatopa, ndipo magulu akuluakulu amphamvu amadzutsidwa pokhapokha ntchito ikakula. N'chifukwa chake dzanja lomwelo limatha kutola singano n'kuthanso kunyamula thumba la chimanga.

Kafukufuku amene amandisangalatsa kwambiri ndi wa mu 1960 ku Canberra, m'dziko la Australia. Arthur Buller, John Eccles ndi mwana wake Rosamond Eccles anadula minyewa iwiri m'mwendo wa mphaka, wina wopita ku mnofu wochedwa wotchedwa soleus, wina ku mnofu wothamanga, n'kuisinthanitsa. Patapita milungu, mnofu wochedwa uja unayamba kukoka mofulumirirapo, wothamanga uja n'kuchedwerapo. Kutanthauza kuti khalidwe la mnofu silinakhomeredwe pa kubadwa pokha, limatsatiranso mauthenga amene ukulandira tsiku ndi tsiku. Anasankha soleus chifukwa mwa mphaka pafupifupi ulusi wake wonse ndi wochedwa. Ngakhale katswiri wa liwiro amafuna mnofu umodzi woleza mtima womuimika.

Chikhadabo ndi chala chachikulu

Anthu timati mphaka amabweza zikhadabo, ngati kuti kubwezako ndiyo ntchito. Zili mosemphana. Chikhadabo cha mphaka chinamera pa kafupa komaliza ka chala, ndipo akapuma, timitsempha totamuka ngati mphira timakokera kafupako m'mwamba ndi kumbuyo, chikhadabo n'kubisala m'khungu. Apa palibe mnofu ukugwira ntchito. Kuti chituluke, mnofu wa m'mwendo umakoka mtsempha wautali wodutsa kunsi kwa phazi, kafupako n'kutembenukira pansi. Mukhoza kuona nokha pa mphaka wozolowera anthu: finyani pang'ono chala chake pakati pa zala zanu ziwiri, chikhadabo chituluka, mukasiya chibwerera chokha. Motero sichikhudza nthaka poyenda, sichibuntha, sichisokosa. Galu akamayenda pa simenti mumamva kuti khwakhwakhwa, mphaka ayi.

Pachifukwa chomwechi, opaleshoni yochotseratu zikhadabo za mphaka si kuwenga ayi, ndi kudula kafupa komaliza ka chala chilichonse, monga kudula munthu zala pamfundo yoyamba. Mayiko ambiri a ku Ulaya analetsa, ndipo chigawo cha New York chinaletsa mu 2019.

Mtsempha wautali womwewo tili nawo, ndiwo umapinda nsonga za zala zathu. Chimene tinawonjezera ife ndi chala chachikulu. Chotupa cha nyama chili patsinde pake m'chikhatho ndi timinofu totembenuza chalacho kuti chikumane ndi zinzake zonse, ndipo tili ndi mnofu wapadera wochoka m'mkono wopinda nsonga yake yokha. Mphaka amatha kutembenuza phazi lakutsogolo kuloza m'kati, kuposa galu, n'chifukwa chake amakumbatira mtengo pokwera ndiponso amakola khoswe kudzenje. Koma zala zake zimagwira zonse pamodzi ngati mbedza. Ndipo mbedzazo zinaloza mbali imodzi, yabwino pokwera, yoipa potsika chamutu. Mphaka amene akulira mu mtengo wa mango usiku wonse sanaiwale njira, akuopa kutsika chafutambuyo.

Minofu imene ife tinatsala nayo zizindikiro chabe

Ntchentche ikatera pamsana pa mphaka, khungu la pamenepo limanjenjemera lokha, ngati mmene imachitira ng'ombe. Pansi pa khungu lake pali mnofu wopyapyala ngati nsalu wophimba msana ndi m'nthiti. Ife pamsana tilibe, ndiye timafuna dzanja kapena kamtengo. Mnofu wa mtundu umenewu kwathu unatsala pakhosi ndi kumaso, ndipo kumasoko ndiko unachita bwino: kumwetulira, kukwinya nkhope, kutsinzinira, zonsezo ndi minofu yokoka khungu. Timinofu tating'ono timene timaimika ubweya wa mphaka akakumana ndi galu, mchira n'kufufuma, ifenso tili nato patsinde pa tsitsi lililonse. Kwathu timangobala tsemwe.

Khutu ndiye musanene. Mabuku ambiri amatchula minofu 32 pa khutu lililonse la mphaka, ndipo amalitembenuza mpaka madigiri 180, lililonse palokha, lina likumvera khoswe kudenga, lina likumvera mbale kukhitchini. Ife minofu yokoka khutu lonse tili nayo itatu, ndipo amene amatha kuigwiritsa ntchito amangoseketsa nayo ana. Ndevu zake nazonso zili ndi timinofu take tozikankhira kutsogolo akagwira kanthu pafupi ndi kamwa, pamene maso ake saona bwino. M'diso, mnofu wotseka mwanadiso umamufinya mpaka kukhala kamzere, ndipo kukula kwake kumasintha nthawi pafupifupi 135 kuchoka masana kufika usiku. Kwa munthu ndi nthawi 15.

Nsagwada, lilime ndi kaphokoso ka m'khosi

Ikani zala pambali pa mutu, kumtunda kwa khutu, ndipo mulume mano. Chimene chikutukukacho ndi temporalis. Mwa mphaka mnofu umenewu ndi waukulu poyerekeza ndi mutu wake, ndipo ndiwo umakhomera mano aatali aja pakhosi pa khoswe, pakati pa timafupa, n'kumaliza nkhani nthawi yomweyo. Nsagwada zake zimayenda ngati chitseko pa mahinji, kutseguka ndi kutseka basi. Sangapere chakudya uku ndi uku ngati mmene ife timatafunira chimanga chokazinga. Mano ake akumbuyo amadutsana ngati sizasi, n'chifukwa chake akapatsidwa nthuli amapendeketsa mutu n'kumadulira mbali imodzi. Minofu yake yolumira ili ndi mtundu wapadera wa puloteni yokoka, yamphamvu kwambiri, yochokera ku jini (kachidutswa ka malangizo achibadwa amene timatengera kwa makolo) yotchedwa MYH16. Mu 2004 gulu la Hansell Stedman ku University of Pennsylvania linaonetsa kuti mwa anthu onse jini imeneyi ilipo koma inaduka, siigwira ntchito, pamene anyani akadali nayo yamoyo.

Pakumwa, mphaka wamkulu sakoka madzi ndi milomo ngati ife, poti masaya ake satseka mokwanira. Mu 2010 ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America, Pedro Reis ndi Roman Stocker ndi anzawo, anamujambula ndi kamera yothamanga n'kupeza kuti lilime silitunga ngati chikho. Nsonga yake imangokhudza pamwamba pa madzi n'kubwerera mwamsanga, madzi n'kutsatira ngati kamzati, ndipo kamwa limatseka kamzatiko kasanagwe. Amachita zimenezi pafupifupi kanayi pa sekondi, chibwano osanyowa.

Nanga kaphokoso kaja ka ngati injini yakutali, kamene amachita mukamamusisita? Kuyambira m'ma 1970 kafotokozedwe kodziwika ndi kakuti timinofu ta m'kholingo timakoka ndi kumasuka maulendo 25 mpaka 30 pa sekondi, n'kumatseka ndi kutsegula njira ya mpweya, ndipo kaphokosoko kamamveka popumira m'kati ndi kunja komwe. Mu 2023 Christian Herbst ndi anzake ku Vienna anapopera mpweya m'makholingo a amphaka amene anali atafa kale, ndipo phokoso lotsika chimodzimodzi linatuluka popanda mnofu kulamulidwa ndi ubongo. Anapezamo timapilo ta nyama m'zingwe za mawu timene timazilemeretsa kuti zizinjenjemera pang'onopang'ono. Mphaka amachitanso kaphokoso kameneka akamamva ululu kapena akamabereka, choncho si nthawi zonse pamene kamatanthauza kukondwa.

Kugwa chagada n'kutera ndi mapazi

Mu 1894 ku Paris, Étienne-Jules Marey anajambula zithunzi zotsatizana za mphaka wogwetsedwa chagada. Akatswiri a sayansi ena sanakhulupirire zimene anaona, chifukwa lamulo lake n'lakuti chinthu chimene sichikuzungulira sichingayambe kuzungulira chili m'malere popanda chokankhapo. Ankati mwina mphakayo amadzikankha pa manja a womugwetsa. Zithunzi zinaonetsa kuti ayi.

Chinsinsi chili pa msana uja. Ziwalo za m'kati mwa khutu zimamuuza kumene kuli pansi. Amapinda thupi pakati kuti likhale ngati zigawo ziwiri. Amafinya miyendo yakutsogolo pachifuwa n'kutambasula yakumbuyo, ndiye chigawo chakutsogolo chimatembenuka kwambiri pamene chakumbuyo chikubwerera mbali inayo pang'ono chabe. Kenako amasinthanitsa, kutambasula yakutsogolo, kufinya yakumbuyo, chakumbuyo n'kutsatira. Mukaphatikiza kuzungulira konse nthawi iliyonse, sikuphwanya lamulo lija, komabe mphaka watembenuka. Mchira si wofunikira kwenikweni, amphaka a mtundu wa Manx obadwa opanda mchira amateranso bwino. Mu 1969 Thomas Kane ndi M. P. Scher a ku yunivesite ya Stanford analemba masamu ake, ndi ndalama za NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, limene linkafuna kudziwa mmene munthu angadzitembenuzire m'mlengalenga mopanda choponda. Ana a mphaka amayamba luso limeneli ali ndi milungu itatu kapena inayi, ndipo pofika milungu isanu ndi iwiri amakhala atalidziwa.

Izi zisanamize ana kuti aziponya mphaka m'mwamba. Mu 1987 madokotala a ziweto ku New York anafotokoza za amphaka 132 amene anagwa kuchokera m'nyumba zosanja. Mwa amene analandira chithandizo, pafupifupi 90 pa 100 anapulumuka, koma ambiri anali atavulala m'chifuwa, ena atathyoka nsagwada ndi miyendo. Ndipo amene anafera pomwepo nthawi zambiri sapita nawo kuchipatala kuti akawerengedwe.

Mnofu wotere umadya chiyani

Pakhomo pambiri mphaka amapatsidwa mkute wa nsima wothira msuzi, n'kumati zotsalazo akadzipezere yekha. Amene ali ndi makoswe okwanira amadzipezeradi. Wotsekeredwa m'nyumba ndiye amavutika, chifukwa thupi lake linazolowera kutenga mphamvu ku nyama, ndipo chakudya chikachepa puloteni limayamba kudya minofu yake yomwe. Mumazindikira posisita pamsana: mafupa amamveka ngati mikanda. Palinso chinthu chotchedwa taurine, chopezeka m'nyama ndi nsomba, chimene thupi la munthu ndi la galu limadzipangira koma la mphaka silipanga chokwanira. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake ku University of California, Davis, anaonetsa kuti chikasowa, mnofu wa mtima wa mphaka umatamuka n'kufooka, ndipo akampatsa chinthucho msanga mtima umabwerera m'malo. Makampani opanga chakudya cha amphaka anawonjezera taurine, matendawo n'kuchepa kwambiri.

Kufooka kwa minofu mwa mphaka kumayamba kuonekera pakhosi. Munthu, galu, ng'ombe ndi hatchi ali ndi mtsempha wolimba kumbuyo kwa khosi wothandiza kugwira mutu popanda mnofu kuvutika, uja ophika nyama ya ng'ombe amaupeza wachikasu, wosapsa ngakhale uwire tsiku lonse. Mphaka alibe. Mutu wake umagwiridwa ndi minofu yokha, zimene zimampatsa ufulu woutembenuza. Koma mchere wa potaziyamu ukachepa m'magazi, monga zimachitikira amphaka okalamba odwala impso, kapena vitamini B1 akasowa chifukwa chodya nsomba zina zosaphika tsiku ndi tsiku, khosi limagonja. Mphaka amakhala pansi chibwano chili pachifuwa, akuyang'anira m'mwamba ndi maso okha ngati mwana wochita manyazi pamaso pa alendo. Mukamuona ali choncho, pitani naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, ndipo pomunyamula muike dzanja limodzi kunsi kwa chifuwa, lina kumbuyo, osati kumulendeweretsa pa chikopa cha pakhosi monga amachitira make ndi kamwana ka milungu iwiri.